Ampulifaya ya Mlendo wa Lachinayi

Anabwera Lachinayi masana, nditangotaya kumene supu wina amene mwamuna wanga anakana. Ndinamva kugogoda, ndipo nditatsekula ndinapeza bambo wamtali, wa imvi zochepa m'mbali mwa makutu, ataima pakati pa makatoni asanu. Thukuta linali litanyowetsa kolala ya malaya ake. Timakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, ndipo masitepe athu ndi opapatiza. Munthuyo anali atakwera ndi kutsika kangapo asanagogode.

"Mwasochera, bambo," ndinatero. "Ife sitinaitanitse katundu."

Anasuzumira m'chipinda chochezera momwe mwamuna wanga anakhala pampando atayang'ana kukhoma, kenako anaika chala pamlomo n'kundikodola kuti ndituluke. Titafika pokhotera masitepe m'pamene analankhula, monong'ona.

"M'makatonimu muli zoimbira. Ndi za amuna anu."

"Zachokera kwa ndani?"

"Muli maampulifaya awiri. Asankhe imodzi, inayo ndibwerera nayo."

"Ndafunsa kuti ndinu ndani."

"Mayi, mukati ndinyamule nditsike nazo, ndinyamula. Koma dzina musandifunse, ndipo m'nyumbamo ine sindilankhula."

Mkazi wanzeru akanatseka chitseko. Koma ine nzeru zinali zitandithera. Mwamuna wanga ankagwira ntchito kufakitale yopanga mageti ndi mafelemu a mazenera. Miyezi inayi mlendoyu asanabwere, mwala wa makina opalira zitsulo unamuphulikira kumaso, ndipo maso onse awiri anapita. Tinali titakwatirana chaka chimodzi ndi theka. Mabala anapola, koma munthu amene ndinabwera naye kuchokera kuchipatala sankaufunanso moyo. Ankadya masupuni awiri, atatu, n'kukankha mbale. Mawu anamutsalira awiri okha: "ayi" ndi "usiye". Lamba wake ndinali nditamuboola kale mabowo awiri atsopano. Namwino amene ankabwera kudzamuona anandiuza pakhomo, osandiyang'ana kumaso, kuti munthu akaukana yekha moyo iwo jakisoni wake alibe, ndipo akapitiriza chonchi miyezi iwiri safika.

Ndiye ndinagwira katoni yaing'ono, mlendoyo anagwira yaikulu, tinalowa.

Apongozi anga, mayi ake a mwamuna wanga, anali atabwera kudzatithandiza chichitikireni ngoziyo. Anatuluka m'khitchini manja ali ndi thovu la sopo.

"Alendowa ndi ochokera kuti? Moni bambo!"

Mlendoyo anawerama mwaulemu, chipewa chili pachifuwa.

"Ndi a bungwe lothandiza osaona, amayi," ndinanama. Bodzalo linatuluka lokha, losalala. "Salankhula."

"Ha! Ndiye bungwe lake lanzeru. Kwa wosaona latumako wosalankhula. Azicheza bwanji anthuwa, ndi fungo?"

Palibe anaseka. Mlendoyo anali atayamba kale ntchito. Anasuntha tebulo lathu lodyera, n'kutulutsa masipika awiri otalika kufika m'chiuno mwanga. Ina anaiika kumanzere, ina kumanja, zonse zitatalikirako pang'ono ndi khoma. Anatulutsa chingwe m'thumba, anayeza kuchokera pa sipika ina kufika pa inzake, kenako ndi muyeso womwewo anapeza malo pakati pa chipinda n'kulembapo kamtanda ndi choko. Anandilozera mpando wa mwamuna wanga, n'kulozanso kamtandako. Tinaukankha mpandowo mwini wake ali pomwepo. Sanafunse kanthu. Anangolola kusunthidwa ngati thumba la makala.

Ampulifaya yoyamba inali yatsopano, yakuda, yonyezimira, kutsogolo kwake kuli galasi loyaka timagetsi tabuluu. Inali ndi rimoti yake. Ndinaikonda nditangoiona. Yachiwiri inali yakale, yotuwa, yolemera moti mitsempha ya pakhosi la mlendoyo inatuluka poinyamula. Pakona ina inali yokalika. Kutsogolo kwake kunali zopotoza zisanu zachitsulo, basi.

Analemba pa chidutswa cha katoni n'kundipatsa, ndipo ndinawerenga mokweza. Kuyambira tsiku limenelo ine ndinakhala pakamwa pake.

"Akuti choimbira zimbale chimatulutsa mawu aang'ono, ofooka. Ampulifaya ndiyo imawapatsa mphamvu yoti ayendetse masipika. Akuti aika nyimbo imodzimodzi pa zonse ziwiri, musankhe yakumtima kwanu."



Nyimbo inayamba pa yakudayo. Gitala anatulukira kumanzere, ng'oma kumanja, ndipo mayi wina anayamba kuimba pakati penipeni, pamalo pomwe panalibe sipika, pomwe panali khoma ndi kalendala yathu yakale. Tsitsi linandiima. Apongozi anapita kukasuzumira kuseri kwa kabati. Nyimbo itatha mlendoyo anazimitsa, anasamutsira mawaya pa yotuwayo, n'kuikanso nyimbo yomweyo. Ine kusiyana sindinakumve. Ndinkangoyang'ana nkhope ya mwamuna wanga, ndipo inali ngati chitseko chokhoma.

Mlendoyo anasendeza katebulo kokhala ndi maampulifaya onse awiri pafupi ndi mpando, n'kundisonyeza kuti ndigwire dzanja la mwamuna wanga. Ndinaliika pa yakudayo. Zala zinatsetsereka pagalasi osapeza pogwira, ndipo anabweza dzanja ngati wakhudza chule. Ndinaliika pa yotuwayo. Zala zinapeza chopotoza chachikulu, chozizira, cha timizere m'mbali. Anachipotoza, mawu anakwera. Anabweza, anatsika. Anapita pa chinzake chaching'ono. Atachipotozera kumanzere, woimba uja anasamukira kuwindo. Kumanja, anapita kuchitseko. Pobwerera pakati chopotozacho chinalira kuti "ke", ndipo woimbayo anaimanso kutsogolo kwake. Anachita zimenezi katatu.

"Tengani yamagetsi okongolayi, mwananga," anatero apongozi. "Inayi ikungooneka ngati yatoledwa kudzala."

"Iyi," anatero mwamuna wanga, dzanja lili pa yotuwayo.

Anali mawu ake achitatu m'miyezi inayi. Ndinathamangira kubafa kuti asandimve ndikulira.

Pochoka, mlendoyo anandisiyira pepala. Analembapo kuti ndisamakhudze mawaya ampulifaya ili choyaka, ndiponso kuti pamwamba pake ndisamaikepo kanthu, chifukwa imatentha ndipo imapumira m'timipata tapamwambapo. Ndinaliwerenga pepalalo kamodzi, ndekha, n'kuliika m'kabati.

Lachinayi lotsatira anabweranso ndi zimbale zina. Lotsatiranso chimodzimodzi. Ankalowa, kuwerama, kuika zimbale patebulo, kuyang'ana mawaya, n'kukaima pakona ya kuchitseko mphindi zingapo akuyang'ana mwamuna wanga. Tiyi ankakana ndi dzanja. Apongozi anamupatsa dzina loti Bambo Lachinayi, ndipo ankamulankhula mokuwa ngati ndi wogontha.

Mwamuna wanga sanachire tsiku limodzi. Ankakhalabe chete, koma mpando sunabwererenso kukhoma. M'mawa ndikamusambitsa, dzanja lake linkapita lokha pa chopotoza chija. Ndinazindikira kuti nyimbo ikafika pakati, ndikamuika buledi m'dzanja linalo, ankadya osadziwa kuti akudya. Ndinayamba kuphika motsata zimbale. Chimbale cha magitala chinkalowetsa dzira limodzi. Cha kwaya ya azibambo chinkalowetsa theka la mbale ya mpunga. Ndinkaima pakhomo la khitchini ndikuwerenga kangati pakhosi pake pameza.

Ndiulule chinthu chimodzi chimene chimandichititsabe manyazi. Ndinayamba kudikira Lachinayi. Ndinkasita diresi Lachitatu, ndikudziuza kuti ndikungosita chifukwa lakwinyika. Miyezi yonseyo palibe amene anali atandiyang'anapo. Mwamuna wanga sakanatha, ndipo ena onse ankangoona mkazi wa wodwala. Mlendoyo ankandiyang'ana pokhotera masitepe paja, kamphindi chabe, ndi maso a munthu amene sagona bwino. Ndinkamupekera mbiri ndikutsuka mbale. Tsiku lina anali woimba wakale amene mkazi wake anamwalira. Tsiku lina anali dokotala wolephera amene akulipira tchimo lake. Tsiku linanso anali munthu amene anandiona pamsewu zaka zapitazo n'kusandiiwala. Funso lake pamasitepe linali limodzi lokha.

"Akudya?"

"Pang'ono."

Ankagwedeza mutu n'kutsika.

Loweruka lina ndinkakolopa. Sipika ya kumanzere inkanditchinga, ndiye ndinazimitsa ampulifaya monga linanenera pepala, ndinamasula mawaya ake awiri, ndinakolopa, n'kuwabwezera. Nditayatsa ndinapita kukatsanula ndowa. Ndili kubafa ndinamva mawu amene ndinali nditawaiwala kamvekedwe kake.

"Iwe! Wachita chiyani?"

Ndinabwera ndikuthamanga, ndowa ili m'manja.

"Woimbayu wachoka pakati. Wamwazika chipinda chonse, sindikumupeza. Ng'oma nayo yapepuka ngati akumenya katoni."

Kwa ine nyimbo inkamveka bwinobwino. Koma sindinatsutse. Ndinkangoona milomo yake ikuyenda.

"Zimitsa kaye. Wazimitsa? Pita kumbuyo kwa sipika imene unaigwira. Pali pomangira pawiri, pofiira ndi pakuda. Waya wofiira uli pati?"

"Pakuda."

"Ndiye bwanji, ofiira atha?"

"Ndimaona ngati n'chimodzimodzi, bola walowa."

"Chimodzimodzi! Sipika ina ikukankha, inzake ikukoka, ngati anthu awiri onyamula geti wina akulowera kumpoto wina kumwera. Sintha." Anapumira m'mwamba, ndipo pakona pa mlomo wake panagwedezeka. "Iwe maso uli nawo awiri, koma ntchito yake sindikuiona."

"Muiona bwanji inuyo?" ndinayankha ndisanaganize.

Ndinagwira pakamwa. Koma iye anaseka, kuseka kouma, kwakufupi, ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsekulidwa. Apongozi anali pakhomo la khitchini, chitenje chili kumaso. Tsiku limenelo mwamuna wanga anamaliza mbale yonse n'kufunsa ngati mumphika mwatsala.

Kuyambira pamenepo makutu ake anakula. Ankandiuza kuti woimba gitala wa m'chimbale chakuti ali ndi chimfine, ndipo ndikatchera khutu ndinkamumvadi akukoka mamina nyimbo isanayambe. Ankadziwa kuti ndasuntha mpando wake ngakhale ndi chala chimodzi. Ankadziwa kuti amene akukwera masitepe ndi mayi woyandikana nafe kapena mwamuna wake, ndiponso ngati wanyamula katundu. Lamba uja anabwerera bowo limodzi. Namwino atabwera anamuyeza pasikelo kawiri, osakhulupirira.

Tsiku lina masana, apongozi atapita kumsika, mwamuna wanga anatsitsa nyimbo yekha n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

"Sunandifunsepo kuti zinachitika bwanji."

"Ndinkaopa."

"Makina aja amakhala ndi chotchingira. Mwala ukaphulika, zidutswa zimamenya chotchingiracho, osati munthu. Tsiku limenelo tinali ndi mageti ambiri ofunika madzulo. Munthu wina anachimasula chotchingiracho kuti alowetse mwala waukulu, ntchito ifulumire. Ndinamuuza kuti mwalawu si wa makina awa. Anati, gwira ntchito, ine ndapala zitsulo iwe usanabadwe. Ndili kuchipatala, munthu yemweyo analemba kalata yoti ndinachotsa chotchingira ndine."

"Ndani?"

"Usiye."

"Ndiuzeni, bambo. Ndani ameneyo?"

"Ndati usiye. Ndi amene anandiphunzitsa kugwira chitsulo. Ndikamutchula m'kamwa mumawawa." Dzanja lake linali pa chopotoza, likuchisisita. "Koma chake sindingakhudze. Ngakhale nditagona m'chipululu iye n'kubwera ndi madzi, ndingafe nalo ludzu."

Anakwezanso nyimbo. Ine ndinakhala pomwepo.

Lachinayi lotsatira sindinamuyang'ane kumaso mlendo uja. Ndinayang'ana manja. Kuseri kwa manja ake kunali timabala toyera, tambirimbiri, tonga mapira omwazika. Ndinkatidziwa timabala timeneto. Ndinkatidzoza mafuta tsiku lililonse pamanja a mwamuna wanga. Ndi moto wothetheka pazitsulo umene umalemba choncho.

Pokhotera masitepe ndinamutsekera njira.

"Munagwirapo ntchito ya zitsulo?"

"Akudya?"

"Ndakufunsani funso."

"Inenso ndafunsa, mayi. Akudya?"

"Akudya."

"Ndiye musafunse."

Mbiri zonse zimene ndinamupekera zinagwa nthawi imodzi, ndipo diresi langa losita linandiyabwa thupi lonse. Sindinadziwe motsimikiza. Amisiri a zitsulo ndi ambiri. Koma ndinadziwa kuti sindikufuna kudziwa, chifukwa ndikadziwa ndiyenera kunena, ndipo ndikanena ampulifaya ija ituluka pawindo, mwamuna wanga n'kuyang'ananso kukhoma.

"Musabwerenso," ndinatero.

Sanakane. Anang'amba kapepala, analembapo nambala ya foni popanda dzina, anakaika pasitepe n'kutsika. Ndinakaponda kapepalako. Kenako ndinakatola.

Ndinawauza a m'nyumba kuti bungwe lamusamutsira kwina. Apongozi anadandaula kuti sanamutsanzike. Mwamuna wanga anangoti, "Munthu ameneyo ankapuma ngati wathamanga, ngakhale ataima."

Masabata atatu anadutsa bwino. Apongozi anali ataikonda ampulifaya ija kuposa mmene anandikonderapo ine. Ankaitchula kuti adokotala. "Adokotala adzuka? Apukuteni fumbi adokotala." Masiku onsewo ankaluka kanthu ndi ulusi wokhuthala, wobiriwira, osandiuza kuti n'chiyani. Lolemba lina ndinapita kukatenga mankhwala kuchipatala, ndipo mzere unali wautali. Kunja kunkatentha moti phula ankamata nsapato. Ndikukwera masitepe pobwerera ndinamva fungo la chinthu chopsa, ndipo m'nyumba munali zii.

Pamwamba pa ampulifaya panali nsalu yoluka, yopindidwa pawiri, mphonje zake zikulendewera mbali zonse. Pamwamba pa nsaluyo panali chithunzi cha ukwati wathu ndi botolo la maluwa apulasitiki.

"Ndimati ndiwalemekeze," anatero apongozi. "Chinthu chochiritsa mwana wanga chizikhala maliseche ngati chidebe? Yaimba bwinobwino kuyambira m'mawa, kenako yangoti phu."

Sindikanawakalipira. Pepala lija ndinaliwerenga ndekha, ndipo sindinawauzepo.

Mwamuna wanga ankapotoza chopotoza chachikulu uku ndi uku. Anapotoza kwa nthawi yaitali. Kenako anachotsa dzanja, analiika pamwendo, n'kunena kuti, "Nditembenuzireni mpando."

"Tikonzetsa, bambo. Mawa lomwe."

"Usiye."

Ampulifayayo ndinainyamula ndekha mpaka kwa wokonza mawailesi wa kumsika, ndikupumira pa sitepe iliyonse. Anaitsekula, anaimba mluzu, n'kunena kuti zamtunduwu zinatha kale, zipangizo zake mwina apeze pakatha mwezi, mwinanso ayi. Anandiuza kuti ndigule kawailesi ka m'manja. Ndinabwerera nayo kunyumba, n'kubwereka kawailesi ka mayi woyandikana nafe. Mwamuna wanga anakamvera mphindi imodzi n'kunena kuti anthu onse akuimbira m'chitini chimodzi, ndikachotse.

Lachiwiri sanadye. Lachitatu anamwa madzi okha. Ndinayesa dzira, ndinayesa supu, ndinayesa kukalipa. Apongozi anagwada pambali pake n'kumupepesa mpaka mawu anawathera. Iye anabwerera kumawu ake awiri aja ngati munthu wobwerera kunyumba yake yakale. Ndinaona kuti miyezi yonse ija sitinamuchiritse ayi. Tinangomukoleka pa waya umodzi, ndipo wayawo waduka.

Lachinayi m'mawa ndinatulutsa kapepala kaja. Ndinaimba foni ndili pamasitepe.

"Yapsa," ndinatero. "Sakudya."

"Ndikubwera."

Anafika dzuwa lisanafike pamutu, atanyamula chikwama cha zida. Apongozi anamulandira ndi manja awiri, akulira. "Bambo Lachinayi, ndapha adokotala ndine! Ndi kuluka kwangaku!" Iye anawagwira paphewa, n'kukhala pansi pasimenti pafupi ndi windo, kutali ndi mpando. Chivundikiro chinali chomasula kale kuchokera kwa wokonza mawailesi uja. Anasuzumira mkati nthawi yaitali, akugwira apa ndi apo ndi timawaya ta kachipangizo koyezera. Anachotsa fyuzi yakuda ndi tizipangizo tiwiri topserera, n'kutulutsa tina m'kabokosi ka machesi. Chipinda chinadzaza fungo la mtovu wosungunuka. Ine ndinaima pakati pa iye ndi mwamuna wanga, ngati thupi langa lingatchinge kanthu. Sanatsokomole. Ngakhale kupuma ankapuma mosamala.

Patapita ola limodzi analumikiza sipika imodzi n'kuyatsa motsitsa kwambiri. Gitala analira pang'ono, ngati ali kutsidya kwa msewu. Mutu wa mwamuna wanga unagwedezeka. Mlendoyo anazimitsa, anandiyang'ana n'kugwedeza mutu kuti zatheka. Ndinaganiza kuti tapulumuka.

Anabwezera chivundikiro. Chinali ndi masikuluwu anayi. Anamanga loyamba, ndipo atamaliza anatembenuza sikuludiraiva n'kugogoda pamutu pa sikuluwulo ndi chogwirira chake, kawiri. Go, go. Sanadziwe n'komwe kuti watero; maso ake anali kale pa lachiwiri.

Mwamuna wanga anadzutsa mutu.

Sikuluwu lachiwiri. Go, go.

Mpando unalira. Mwamuna wanga anaimirira. Chibwerereni kuchipatala anali asanayendepo popanda kugwira mkono wanga, koma anatembenuka, anadutsa pambali panga osandikhudza, analambalala tebulo, n'kuyenda molunjika mpaka pawindo. Anawerama, ndipo dzanja lake linagwira mkono wa mlendoyo pamwamba pa sikuludiraiva, osaphonya.

"Pafakitale yonse ija," anatero motsitsa, "munthu mmodzi yekha ndiye amati akamanga chinthu amachigogoda kawiri. Kuti aliyense adziwe kuti chamangidwa, chaonedwa. Ndinazimva zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi."

Mlendoyo sanayese kuthawitsa mkono. Sikuludiraiva inagwa n'kugubuduka pasimenti.

"Pakamwa munatseka bwino. Manja munaiwala."

"Mwananga, ukuti chiyani?" anafunsa apongozi. "Usiye mkono wa alendo."

Iye sanawalabadire. Anatembenuzira nkhope kumene ndinaima, ndendende.

"Iwe. Unkadziwa?"

Bodza lina linali kale pa lilime, losalala ngati loyamba lija. Ndinalimeza.

"Ndinkaganizira."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku limene ndinawauza kuti asabwerenso."

"Ndipo lero wawaitana ndiwe."

"Munali kufa, bambo."

Ndinaona dzanja lake linalo likufufuza mpaka linapeza ampulifaya. Linagwira pakona yokalika ija, ndipo mitsempha inatuluka. Windo linali lotsekula, pansi pake pali msewu. Ndinatseka maso.

"Mwana wanga," anatero mlendoyo. Kanali koyamba mawu ake kumveka m'nyumba mwathu, ndipo anali aakulu, okalipa mwachibadwa, osafanana n'komwe ndi kunong'ona kwa pamasitepe. Apongozi anakuwa n'kugwira khoma.

"Ine si mwana wanu. Ndipo musayambe ndi kupepesa." Mwamuna wanga anasiya mkono uja n'kuwongoka. Ankanjenjemera ndi njala ya masiku atatu, koma anaima yekha. "Masikuluwu atsala awiri. Malizani ntchito yanu. Chivundikiro chikhale pamalo pake; m'nyumba muno sitichotsa zotchingira. Mukamaliza mukakhale pampando wangawo, pakati, pomwe ndingakumveni bwino. Mundiuze ndi pakamwa panu zimene munalemba m'kalata ija, mawu ndi mawu. Kenako mundiuze kuti mukazibweza liti, pamaso pa ndani."

Mlendoyo anatola sikuludiraiva. Anaiika pamutu pa sikuluwu lachitatu.

"Iwe," anatero mwamuna wanga osatembenuka. Mawu ake kwa ine anali ozizira kuposa amene analankhula kwa mlendoyo, ndipo ndinadziwa kuti mlandu wanga ukubwera pambuyo, ndipo sudzatha msanga. "Ndipatse chakudya. Chilichonse chimene chilipo. Nkhaniyi ndi yaitali, ndipo sindikufuna kukomoka munthuyu asanamalize."

Ndinapita kukhitchini. Dzira loyamba linagwera pansi. Ndinaswa lina, ndi linanso. Kuchipinda kunamveka sikuluwu likumangidwa, ndipo pambuyo pake sipanamveke kugogoda.

Nditabwera ndi mbale, mlendoyo anali atakhala pampando, chipewa chili pamaondo, mutu uli pansi. Mwamuna wanga anakhala pamphepete pa tebulo moyang'anizana naye. Analandira mbale, anafufuza supuni, n'kuyamba kudya mofulumira, mwaukali, osadikira nyimbo.

Apongozi anali akadali chiimire pakhoma, akuyang'ana uyu, kuyang'ana uyo.

"Koma anthu inu, mundipha ndi mtima. Wosalankhula walankhula, wosayenda wayenda. Bambo Lachinayi amenewa ndi ndani kwenikweni?"

Mwamuna wanga anameza, anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Apatseni moni bwinobwino, amayi. Awa ndi amene anachotsa chotchingira pamakina aja. Awa ndi akapitao athu a kufakitale."